OYENDERA MALO ODYERA ASAMADIKIRE MLIRI

Tsiku lililonse dzuŵa likafika paliwombo, anthu zikwizikwi m'mizinda ndi m'matauni a dziko lino amasiya ntchito zawo ndi kupita kukafuna chakudya chimene sanaone kaphikidwe kake. Kalaliki wa ku Capital Hill, mmisiri wa ku Kanengo, wogulitsa nsalu mu Limbe, mphunzitsi wa ku Mzuzu ndiponso wapaulendo amene basi yake yaima pa Zalewa kapena pa Jenda, onse amatambasula dzanja ndi kulandira mbale kuchokera kwa munthu amene sakumudziŵa. Amakhulupirira kuti madzi amene aphikira ndi abwino, kuti nyamayo ndi ya lero, ndi kuti manja amene aomola nsimayo ndi osamba. Chikhulupiriro chimenechi chili ndi mlonda mmodzi, ndiye woyendera malo odyera wotumidwa ndi Boma kapena khonsolo, pakuti ndi iye amene lamulo linamupatsa mphamvu yoloŵa kuseri kwa chitseko kumene wogula saloledwa kufika.

Chimene chiyenera kunenedwa mosapsatira mawu n'chakuti mlonda ameneyu kaŵirikaŵiri amafika mochedwa. Amaoneka kwambiri pamene mliri wabuka kale, zipatala zadzaza ndipo maliro ayamba kutuluka. Pa nthaŵi imeneyo malo odyera amatsekedwa ndi maloko, miphika imalandidwa, ndipo wailesi imalengeza machenjezo usana ndi usiku. Mliri ukangozizira, maloko amatsegulidwa, oyendera amabwerera m'maofesi, ndipo makhitchini amabwerera mwakale. Kuyendera kotere kumangoŵerenga anthu amene avulala kale. Kuti kuteteze mzika, kuyenera kukhala kwa masiku onse, kosakondera, ndiponso koti zotsatira zake zizidziŵika kwa anthu amene amadya m'malowo.

Kukula kwa mizinda kwachititsa kuti nkhaniyi ikhale yaikulu kuposa kale. Pa kalembera wa chaka cha 1977, patapita zaka ziŵiri likulu la dziko litasamuka ku Zomba, anthu a mu mzinda wa Lilongwe sanali kufika 100,000. Pa kalembera wa 2018 anali pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo a mu Blantyre anali oposa 800,000. Ambiri mwa iwo amagwira ntchito kutali ndi kwawo, kotero kuti sangathe kubwerera kunyumba masana kukadya nsima yophikidwa pakhomo. Motero malo odyera achuluka mwa mitundumitundu: mahotela, malesitilanti a m'tauni, timalesitilanti ta m'misika, malo a chiimirire ndi a memo, ndiponso ziŵaya za kanyenya ndi tchipisi m'mbali mwa misewu. Malonda ameneŵa ndi oyenera kulemekezedwa, chifukwa amadyetsa anthu a ntchito ndipo ndalama zake zaphunzitsa ana ambiri sukulu. Komabe mphika wa pakhomo ukaipa umadwalitsa banja limodzi, pamene mphika wa pamsika ukaipa umadwalitsa anthu mazana, amene madzulo amabalalikira m'madera onse a mzinda atanyamula matendawo kupita nawo kwa ana awo.

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kutsogolo kwa lesitilanti kumakhala kokopa, matebulo opukutidwa bwino, makoma opentedwa ndi operekera zakudya ovala mwaudongo. Woyendera akadutsa chitseko cha kukhitchini ndi pamene amapeza zina, ndipo zimene amapezazo n'zofanana pafupifupi paliponse. Nyama yaiŵisi imaikidwa pamodzi ndi chakudya chakupsa. Mpeni umene wadula nkhuku yaiŵisi ndi womwewo umene ukudula kabichi ndi tomato wodyedwa wosaphika. Mbale zimatsukidwa m'beseni limodzi la madzi amene sanasinthidwe kuyambira m'maŵa, ndipo kansanza kamodzi kamapukuta tebulo, mbale ndi manja omwe. Ndiwo zotsala dzulo zimasakanizidwa ndi zatsopano kuti pasatayike kanthu. Mafuta a m'chiŵaya amakazingira masiku ambiri mpaka kuda bii. Zinyalala zimaunjikidwa kuseri kwa chitseko, ngalande ya madzi oipa imadutsa pafupi ndi mbaula, ndipo ntchentche masana, mphemvu ndi makoswe usiku, zimayenda pa ufa ndi pa ziŵiya ngati kwawo.

Cholakwa chachikulu koposa zonsezi ndicho cha chimbudzi ndi madzi osamba m'manja. Malo ambiri alibe chimbudzi cha antchito, ndipo pamene chilipo, pafupi pake palibe madzi kapena sopo. Wophika amene wachoka kuchimbudzi osasamba m'manja ndi sopo amanyamula tizilombo ta m'mimba mwake ndi kukatisiya pa chakudya cha wogula, popeza dzanja lomwelo ndilo ligwira chipande, ligaŵa ndiwo ndi kulandira ndalama. Mwambo wosambira m'manja m'beseni limodzi, wamkulu poyamba ndi mwana pomalizira, unali wa ulemu pakhomo, koma pamalo pamene pakudya anthu ambirimbiri osadziŵana ndi njira yopatsirana matenda. Madzi osamba m'manja ayenera kukhala oyenda, othirirana kapena otuluka pa ndowa ya mpopi, ndipo sopo ayenera kukhalapo kuyambira potsegula mpaka potseka.

Zolakwa izi zimaoneka zazing'ono chifukwa mdani wake saoneka ndi maso. Tizilombo toyambitsa matenda timaswana msanga m'chakudya chimene sichili chotentha kwenikweni ndiponso sichili chozizira kwenikweni, ndiko kuti pakati pa madigiri 5 ndi 60. Tikapeza malo abwino, tina timaŵirikiza chiŵerengero chake pa mphindi 20 zilizonse, kotero kuti kachilombo kamodzi kamene kagwera mu ndiwo m'maŵa kangathe kukhala tizilombo toposa mamiliyoni aŵiri patapita maola 7. M'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala, makamaka m'maboma a kuchigwa cha Shire ndi a m'mbali mwa nyanja, mphika wophulidwa m'maŵa umakhala munda wa tizilombo pofika madzulo. N'chifukwa chake Bungwe la Zaumoyo la Dziko Lonse la WHO limalangiza kuti chakudya chiphikidwe mpaka kufika madigiri 70, ndi kuti chakupsa chisakhale poyera kupitirira maola aŵiri. Mpunga wogona ndi woopsa mwapadera, chifukwa tizilombo tina timasiyamo poizoni amene satha ngakhale mpungawo utenthetsedwenso. Chakudya chotere kaŵirikaŵiri sichinunkha ndipo sichisintha maonekedwe, motero mphuno ndi maso a wogula sizingamupulumutse.

Palinso chinthu china chimene eni malo odyera ambiri sachidziŵa, chakuti munthu angathe kufalitsa matenda iye mwini ali bwinobwino. Mwa anthu amene achira matenda a tayifodi, oŵerengeka pa zana lililonse amasungabe tizilombo take m'thupi kwa miyezi kapena zaka, ndi kumatitulutsa m'chimbudzi. Chitsanzo chodziŵika kwa onse ophunzira zaumoyo chinachitika ku New York m'dziko la America. Mayi wina wophika, dzina lake Mary Mallon, ankagwira ntchito m'nyumba za anthu olemera, ndipo m'nyumba zambiri zimene analoŵa munkabuka tayifodi, iye osadwala. Anamuzindikira mu 1907 ndi kumuika kwayekha, ndipo mu 1910 anamumasula atalonjeza kuti sadzaphikiranso anthu. Mu 1915 anapezeka akuphika pachipatala china cha amayi ndi dzina lina, anthu 25 atadwala ndipo aŵiri atamwalira. Anakhala kwayekha pachilumba mpaka imfa yake mu 1938.

Nkhani imeneyi ikukhudza Amalaŵi, pakuti kuyambira mu 2011 madokotala a pachipatala cha Queen Elizabeth mu Blantyre anaona kuchuluka kwa tayifodi yosamva mankhwala amene anali kugwiritsidwa ntchito kale. Mu Meyi 2023 Boma linayamba kupereka katemera wa tayifodi kwa ana a miyezi 9 mpaka osakwana zaka 15, chimene chinali chitukuko chachikulu. Koma bambo ndi mayi amene amadya m'malesitilanti masana sanali m'gulu limenelo. Chitetezo chawo chili m'manja mwa wophika. Ichi ndicho chifukwa chake onse ogwira chakudya amayenera kupimidwa kuchipatala nthaŵi ndi nthaŵi, ndipo amene akutsegula m'mimba, akusanza kapena ali ndi chilonda padzanja sayenera kuyandikira mphika. Mwini lesitilanti amene amadula malipiro a wantchito wodwala akumukakamiza kubisa matenda ndi kubwera kudzaphika, ndipo mlandu wa odwala onse otsatira uli pa iye.

Choopsa china ndicho cha mankhwala ophera makoswe ndi mphemvu. Eni malo ena, m'malo mochotsa zinyalala ndi kutseka maenje, amagula tameki ndi mankhwala ena a m'munda pamsika, ndi kumawasunga pa shelefu imodzi ndi mchere ndi ufa. Zimene zinachitika ku South Africa zikhale chenjezo. Mu Okutobala 2024 ana 6 a ku Naledi m'dera la Soweto anamwalira, ndipo kupima kunaonetsa kuti anafa ndi terbufos, mankhwala a m'munda amene amagulitsidwa mobisa monga ophera makoswe. Mwezi wotsatira boma la dzikolo linalamula kuti timasitolo tonse togulitsa zakudya tilembetsedwe. Lamulo linabwera ana ataikidwa kale m'manda.

Kukula kwa vutoli kunaŵerengedwa. Mu 2015 bungwe la WHO linalengeza kuti chaka chilichonse anthu pafupifupi 600 miliyoni, ndiko kuti mmodzi mwa anthu 10 alionse pa dziko lapansi, amadwala chifukwa cha chakudya choipa, ndipo 420,000 amamwalira. Mwa omwalirawo, 125,000 ndi ana osakwana zaka 5. Chigawo cha Africa ndicho chinapezeka chosenza katundu wolemera koposa, ndi odwala oposa 91 miliyoni ndi imfa 137,000 pachaka. Kuseri kwa manambala ameneŵa kuli ofesi imene yakhala yotseka chifukwa mwini wake ali kuchipatala, kalasi imene yakhala yopanda mphunzitsi, ndi mankhwala amene Boma lagula ndi ndalama za msonkho kuti lichize matenda amene sopo akanatha kupeŵetsa.

Dziko la Malaŵi laphunzira kangapo mtengo wa uve. Matenda a kolera anafika koyamba mu 1973, ndipo anthu amene analembedwa ntchito yolimbana nawo pa nthaŵiyo ndiwo anadzasanduka alangizi a zaumoyo amene amayendera midzi ndi misika. M'nyengo ya 2001 ndi 2002 anthu oposa 33,000 anadwala ndipo pafupifupi 1,000 anamwalira. Mliri umene unayamba ku Machinga mu Malichi 2022, pambuyo pa namondwe wa Ana, unaposa yonse ya m'mbuyo. Unafika m'maboma onse, unadwalitsa anthu pafupifupi 59,000 ndi kupha oposa 1,700. Pa 5 Disembala 2022 Boma linalengeza kuti mliriwo ndi ngozi ya zaumoyo yogwera dziko lonse. Mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa, kugulitsa zakudya zophikaphika m'misewu, m'misika ndi m'madepoti a basi kunaletsedwa, ndipo makhonsolo analamulidwa kutseka malo osonkhanirapo anthu amene analibe madzi abwino ndi zimbudzi. Mwezi wotsatira kunakhazikitsidwa ntchito ya Tithetse Kolera.

N'zoona kuti njira yaikulu ya kolera ndi madzi akumwa, ndipo sikungakhale chilungamo kunena kuti malo odyera ndiwo anabweretsa mliriwo. Koma madzi omwewo ndiwo amatsukira mbale, amatsukira masamba ndi kusungunulira thobwa, ndipo chakudya chogwiridwa ndi manja osasamba ndi njira yachiŵiri imene kolera imadzera. Funso lofunika ndi lakuti: malo amene anatsekedwa mu Januwale 2023 chifukwa chosoŵa chimbudzi ndi madzi, kodi chimbudzicho chinasoŵa mu Januwale momwemo? Chinali chosoŵa kuyambira kale, ziphaso zikuperekedwa ndi msonkho ukutoleredwa chaka ndi chaka. Mu Julayi 2024 Unduna wa Zaumoyo unalengeza kuti mliriwo watha, ndipo patangopita miyezi yoŵerengeka kolera inaonekanso m'maboma ena. Linda madzi apite ndipo uziti ndadala.

Malamulo alipo ndipo maofesi alipo. Maziko a ntchito yoyendera anaikidwa ndi lamulo la zaumoyo wa anthu la Public Health Act la chaka cha 1948. Bungwe loona za miyezo ya zinthu la Malawi Bureau of Standards linakhazikitsidwa mu 1972, ndipo lili ndi muyezo wa MS 21 wofotokoza ukhondo woyenera pamalo okonzera chakudya. Lamulo la maboma aang'ono la 1998 linapatsa makhonsolo udindo woyang'anira misika ndi ukhondo m'madera awo. Nthambi ya za ziŵeto imapima nyama, ndipo nthambi ya zokopa alendo imayang'anira mahotela. Kuchuluka kwa maofesi kukanakhala mphamvu, koma pamene sagwirizana kumasanduka chofooka, chifukwa aliyense amayesa kuti mnzake wayendera kale. Lesitilanti imodzi imalandira alendo a Boma katatu pamwezi, pamene ina yoyandikana nayo imatha zaka osaona woyendera aliyense. N'kofunika kuti m'boma lililonse maofesi ameneŵa akhale ndi kaundula mmodzi wa malo odyera ndi ndondomeko imodzi ya masiku oyendera.

Woyendera nayenso ayenera kupatsidwa zida. Sangathe kuzungulira mzinda wonse wapansi, ndipo sangathe kudziŵa kuzizira kwa firiji kapena kutentha kwa mphika pongokhudza ndi dzanja. Njinga yamoto, mafuta ake, kachipangizo koyezera kutentha ndi mabotolo otengera madzi okapima n'zotsika mtengo poyerekeza ndi msasa umodzi wa odwala kolera. Khonsolo imene imatumiza otolera msonkho pamsika tsiku lililonse koma imalephera kutumiza woyendera kamodzi pa miyezi itatu yaonetsa chimene imachiika patsogolo. Gawo la ndalama za ziphaso za malo odyera liyenera kubwerera ku ntchito yoyendera malo omwewo, ndipo chiphaso chisamaperekedwe pawindo la ofesi kwa munthu amene khitchini yake sinaonedwe. Zindapusa nazonso ziyenera kuunikidwa, pakuti kwacha inagwa mphamvu mu Meyi 2022 ndi mu Novembala 2023, ndipo chindapusa chimene sichikwana mtengo wa mbale zoŵerengeka za nsima sichiopsa munthu.

Pali matenda ena amene ali m'ntchito yoyendera yeniyeniyo, ndiwo ziphuphu. Oyendera ambiri ndi anthu okhulupirika amene amagwira ntchito yovuta ndi malipiro ochepa, koma nsomba ikaola imodzi zonse zaola. Woyendera amene amalandira envulopu, kapena amakhala pansi ndi kudya nkhuku yaulere pamalo amene wabwera kudzayendera, wagulitsa maso ake. Amene amachenjeza mwini malo dzulo lake kuti maŵa kukubwera gulu, amachititsa kuti ayendere khitchini ya tsiku limodzi, imene anthu sadyamo. Amene amasaina chikalata cha kuchipatala cha wophika amene sanamupime, waika dzina lake pa matenda a anthu amene sadzawadziŵa. Lamulo lothana ndi ziphuphu la 1995 limalanga wopereka ndi wolandira yemwe, ndipo bungwe la Anti-Corruption Bureau linakhazikitsidwa kaamba ka milandu yotere. Chiphuphu cha pa chakudya n'choipa koposa, chifukwa amene amalipira ndi moyo wake sanali nawo pa mgwirizanowo.

Apa atsogoleri a Chipani m'manthambi, m'madera ndi m'maboma ayenera kumva bwino. Zimachitika kuti woyendera akatseka malo auve, mwini wake amathamangira kwa wapampando, kwa khansala kapena kwa phungu, ndipo lamya imalira ku ofesi ya khonsolo kuti munthu ameneyo ndi wathu, atsegulireni. Mtsogoleri wochita zotere amayesa kuti akuthandiza mnzake, pamene akupereka anthu a m'dera lake lomwe ku matenda, ndiponso akuchotsa ulemu wa Boma pamaso pa anthu. Kolera safunsa khadi la chipani. Udindo wa mtsogoleri ndiwo kuima kumbuyo kwa wantchito wa Boma amene akutsata lamulo, ndipo ngati mwini malo akuona kuti walakwiridwa, amuonetse njira yodandaulira ku ofesi yoyenera. Mtsogoleri amene ali ndi lesitilanti yakeyake akhale woyamba kuitana oyendera, kuti khitchini yake ikhale chitsanzo.

Kukondera kulinso ndi nkhope ina. N'kosavuta kulanda mphika wa mayi wogulitsa nsima pamsika, chifukwa alibe loya ndipo alibe womuimbira lamya. N'kovuta kugogoda pa chitseko cha hotela yaikulu imene mumachitikira misonkhano ya akuluakulu. Koma kachilombo sikaŵerenga nyenyezi za hotela, ndipo firiji yakufa ya m'hotela ingathe kudwalitsa msonkhano wonse tsiku limodzi. Anthu akaona kuti lamulo limaluma osauka okha, amasiya kulilemekeza, ndipo amayamba kuona woyendera ngati mdani woti azimuthaŵa. Makhitchini a Boma nawonso, a m'zipatala, m'sukulu zogonera komweko, m'ndende ndi m'makoleji, ayenera kuyenderedwa ndi muyezo womwewo, pakuti amene amadya kumeneko alibe kwina kosankha.

Makhonsolo ayeneranso kusesa pakhomo pawo. Timalesitilanti tambiri tili m'misika ndi m'madepoti a khonsolo, ndipo eni ake amalipira msonkho tsiku ndi tsiku. Ngati mpopi wa pamsika unatsekedwa chifukwa cha ngongole ya madzi, ngati chimbudzi chinadzaza, ngati mulu wa zinyalala wakhala milungu osachotsedwa, mayi wophika sangathe kukhala waukhondo ngakhale atafunitsitsa. Kumulipiritsa chindapusa pa cholakwa cha mwini msika ndi kupanda chilungamo. Woyendera akhale ndi ufulu wolemba lipoti lodzudzula khonsolo imene inamulemba ntchito, ndipo lipotilo lifike pa msonkhano wa makhansala popanda kubisidwa.

Eni malo odyera ali ndi madandaulo awo, ndipo ena ndi omveka. Madzi amasiya kutuluka m'mipopi kwa masiku, ndipo magetsi amazima. Namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire mu Januwale 2022, kuzima kwa magetsi kunavuta kwa nthaŵi yoposa chaka, ndipo nyama yambiri inasungunuka m'mafiriji. Mitengo ya makala, mafuta ndi ufa yakwera. Zonsezi n'zoona, koma zambiri zimene woyendera amafuna sizilira chuma. Ndowa ya chivindikiro ndi mpopi, sopo, kolorini wothira m'madzi, thandala loyanikapo mbale, matabwa aŵiri odulirapo, lina la nyama ndi lina la masamba, dzenje kapena mgolo wa zinyalala wovindikira, nsalu ya kumutu ndi zikhadabo zoŵenga, zonsezi mtengo wake sufika pa phindu la masiku oŵerengeka. Pamene magetsi ali osadalirika, nzeru ndi kugula nyama ya tsiku limodzi ndi kuphika moyerekeza ndi ogula. Nyama imene yasungunuka ndi kutentha iyenera kutayidwa, chifukwa kuluza kwa tsiku limodzi n'kopepuka kuposa maliro.

Chinthu chimodzi chimene chingasinthe zinthu msanga ndicho kuika poyera zotsatira za kuyendera. Zimene woyendera wapeza zikakhala chinsinsi cha anthu aŵiri, iye ndi mwini malo, m'chinsinsimo ndi mmene chiphuphu chimamerera. Maiko ena anazindikira zimenezi. Ku Los Angeles m'dziko la America, kuyambira mu 1998 malo odyera amapatsidwa chilembo A, B kapena C choika pawindo, ndipo mzinda wa New York unatsatira mu 2010. Ku Denmark kuyambira mu 2001 amagwiritsa ntchito chithunzi cha nkhope, yomwetulira kapena yokwinya, chimene ngakhale munthu wosadziŵa kuŵerenga amachimva. M'madera ambiri a ku Britain malo odyera amapatsidwa nambala kuyambira 0 mpaka 5, ndipo ku Wales kuyambira mu 2013 lamulo limakakamiza mwini malo kuika nambalayo poonekera.

Njira imeneyi siifuna makina odula. Ifuna pepala lolembedwa m'chinenero cha anthu a m'deralo, lokhala ndi chidindo cha khonsolo, tsiku loyendera, dzina la woyendera ndi chizindikiro chosavuta kumva, lomatidwa pa khomo loloŵera. Mwini malo waukhondo adzapeza mphotho yake, chifukwa ogula adzadza kwa iye. Wauve adzalangidwa ndi mipando yopanda anthu, chimene chili chilango choŵaŵa kuposa chindapusa. Woyendera nayenso adzaopa kunama, popeza dzina lake lidzakhala pakhomo pamene aliyense angathe kuyerekeza pepalalo ndi zimene maso ake akuona. Kuti pakhale chilungamo, kuyendera kukhale kodzidzimutsa, mndandanda wa zofunika ukhale umodzi kwa onse ndi wodziŵika kale, ndipo amene walephera apatsidwe masiku okonza ndi kuyenderedwanso msanga. Kuphunzitsa kutsogole, pakuti ophika ambiri sanauzidwepo za madigiri kapena za tizilombo. Koma pamene pali chiopsezo cha moyo, monga madzi a m'chimbudzi oloŵa m'khitchini kapena nyama yoola, malowo atsekedwe tsiku lomwelo, kaya ndi a yani.

Ogula nawo ali ndi mbali yawo. Wantchito wa Boma amene amadya pamalo amodzi tsiku lililonse ali ndi ufulu wofunsa kumene kuli chimbudzi, kuona ngati pali sopo, ndi kukana chakudya chozizira. Akadwala iye ndi anzake atadya pamalo amodzi, apite kuchipatala msanga, anene kumene anadya, ndipo adziŵitse ofesi ya zaumoyo ya khonsolo kapena ya boma. Ambiri amangomwa mankhwala ndi kusintha malo odyera mwakachetechete, kusiya ena kuti akagwe m'dzenje lomwelo. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo mwini malo wanzeru adzathokoza amene wamuchenjeza zinthu zisanaipe. Makomiti a m'misika, amene amadziŵa mphika uliwonse ndi mwini wake, angathe kuchita zambiri pakati pa ulendo umodzi wa woyendera ndi wina.

Nyengo ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Epulo, ndiyo nthaŵi imene matenda otsegula m'mimba amachuluka, ndipo imafika chaka chilichonse pa nthaŵi yodziŵika. Palibe chifukwa choti izipeza makhonsolo ali m'tulo. Pofika mwezi wa Okutobala, bwanamkubwa aliyense ndi mkulu wa khonsolo ya mzinda uliwonse ayenera kukhala akudziŵa chiŵerengero cha malo odyera m'dera lake, angati ayenderedwa, angati alephera, ndi angati akonza. Ameneŵa ndiwo manambala amene Anduna, aphungu ndi atsogoleri a Chipani ayenera kufunsa pa misonkhano yawo, mvula isanagwe.

Mtundu wodwaladwala sungalime, sungaphunzire ndipo sungatukule dziko lake. Anthu oposa 1,700 amene anatisiya mu mliri wa 2022 ndi 2023 anali alimi, asodzi, ana a sukulu ndi makolo, ndipo madzi akatayika saoleka. Ulemu woyenera kwa iwo ndi wakuti woyendera agogode pa chitseko cha khitchini masiku amtendere, apeze cholakwa chikadali chaching'ono, achilembe mosaopa munthu, ndipo anthu onse achidziŵe asanatambasule dzanja kulandira mbale.